Mayi Evelina, Oyenda Chafutambuyo

Malemu mayi Evelina Jonas anabadwa pa 3 Malichi 1939 ku Nsanje, ine mkulu wawo Betty nditayamba kale kuba mango. Anamalira, lero ine ndili ndi mantha. Chifukwa chake muchimva.

Mu 1950 bambo athu anapeza ntchito ya njanji ku Limbe, ndiye tinasamukira ku Bangwe. Malemu anaphunzira mpaka Sitandade 4. Ine ndinalekezera Sabu B, aphunzitsi atatopa nane.

Mu 1957 a Yakobe, oyandikana nafe nyumba, anabwera kuchokera ku Halale ndi galamafoni, nayamba kuphunzitsa dansi yotchedwa tango Loweruka masana kuseri kwa nyumba yawo. Dansi imeneyi mwamuna amapita kutsogolo, mkazi chafutambuyo, osacheuka. Tsono kumapeto kwa bwalolo kunali dzenje la oumba njerwa, lodzaza madzi obiriwira. Malemu ankaliopa dzenjelo mpaka kulilota. Phazi limodzi, kucheuka. Phazi lina, kucheuka. A Yakobe anatopa, anawamanga mpango m'maso n'kunena kuti, "Usamve nthaka, umve dzanja lili pamsana pakolo."

Anyamata anali ochepa, ndiye ine poti ndine wamtali ndinkavina mbali ya mwamuna. Malemuwa ndinawagwetsera m'dzenje muja ndine. Abambo mfumu muli pano, ndikulapa lero: ndinachita dala. Amene anawavuula, mpango uli m'maso, akukuwa kuti afa, anali a Dominiko. Anangoti, "Yesani ndi ine." Sanawagwetsepo. Anakwatirana mu 1961 ku tchalitchi cha Katolika, n'kukakhala ku Ndirande.

Kuyambira 1968 mpaka 1990 malemu ankasoka zovala pafakitale ina ku Makata.

Mu 1993 matenda a shuga anawachititsa khungu a Dominiko. Miyezi itatu anakhala pamphasa osadzuka. Ukawagwira mkono cham'mbali ankakuwa, ati nthaka yathera pomwepo. Anayamba kukana chakudya poopa ulendo wa kuchimbudzi, thupi n'kumangotha. Tsiku lina malemu anaima kutsogolo kwawo, n'kuika chikhatho cha abambowo pamsana pawo. "Bambo, inu pitani kutsogolo ngati kale. Kukakhala dzenje ndiyamba kugwamo ndine." Ndi mmene ankayendera: kuchimbudzi, ku Misa, ngakhale kokavota mu 1994, kulumpha ngalande za Ndirande chafutambuyo. Ena munkaseka. Ndikukuonani pomwe mwakhalapo.

Mu Julaye chaka chino cha 1997 malemu anafa ziwalo mbali imodzi ndipo anagonekedwa kuchipatala chachikulu. Mawu omaliza amene ndinawamva anali akuti, "Achemwali, abambowa asakhalenso pansi. Akakhala, muika awiri." Anatisiya pa 12 Ogasiti.

Chigonekedwere cha malemu, a Dominiko abwerera pamphasa paja. Ana ayesa kuwadzutsa, miyendo ikukana. Phala akulikankhanso. M'mawa uno anena kuti kumanda sapita.

Malemu asiya amuna awo, ana asanu, adzukulu khumi ndi mmodzi, ndi ine. Tikuthokoza akhristu anzathu a Limana, amayi a Chigwirizano amene akhala akuphika, adzukulu okumba manda, ndi a Ambrosi amene atibwereka lole.

Tsopano alamu, bokosi likanyamuka, dzukani. Ndikuyendetsani ndine. Si chokolo ayi, musayambe kupesa ndevu. Dzanja lanu pamsana panga, inu kutsogolo. Dziwani kuti ine chafutambuyo sindinayendepo chibadwire, mawondo awa ndi a zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, ndipo kumene tikupitako kuli dzenje. Sindicheuka. Anamalira, mukaona ndayandikira, mukuwe.

Mng'ono wanga, za dzenje lija musandibwezere lero. Mzimu wanu uuse mumtendere.