Mayi Wofuna Nkhumba Yake Ndiye Ananditsegulira Chitseko

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ndine Domingo, kwathu ndi kufupi ndi Domwe. Ondidziwa amandiseka kuti ndikamamvera munthu ndimapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi. Khutu lakumanzereli linafa ndili pashikola, ndipo analipha ndi anzanga amene ndinkadya nawo beseni limodzi. Ndikufuna mumve mmene Mulungu ananditulutsira m'manja mwawo.

Ndinkagonera pa internato ina ya anyamata, shikola yogonera komweko, yakutali ndi midzi, kuseri kwa mtsinje. Aliyense ankabwera ndi ufa ndi nyemba zakwawo, n'kuphatikiza m'chipinda chimodzi. A diretori, akulu a shikolayo, anandisankha kukhala shefi, mtsogoleri wa ana ogonera, ndipo kiyi wa chipindacho ankakhala m'khosi mwanga. Lamulo linali loti chitsulo chikalira, oyamba kulandira chakudya ndi ang'onoang'ono, akuluakulu pambuyo.

Chaka chimenecho mvula inachita kukwiya. A diretori ndi aphunzitsi anali atapita kumsonkhano ku Ulongwe, wophika naye atawoloka kukaona mwana wake wodwala, ndiye mlatho unakokoloka onse ali tsidya. Tinatsala tokhatokha. Poyamba zinkayenda. Ndinkaliza chitsulo, tinkapemphera, n'kugawana pang'onopang'ono kuti ufa utifikitse.

Panali mnyamata wina wandevu kale, Armindo, amene anabwereza kalasi mpaka mabenchi anamuzolowera. Iyeyu anayamba kuuza anzathu kuti ndikuwamana dala, kuti ufawo ndi wa makolo awo osati wanga. Njala ndi chilombo, abale. Ana omwe tinkaimba nawo kwaya anadzipaka makala kumaso, anadula zibonga, n'kuyamba kumutchula Armindo kuti komandanti. Ang'onoang'ono ankawagwaditsa pamiyala asanawalole kulandira kanthu kodya.

Nditakana kupereka kiyi, anandizinga pabwalo. Armindo anandigwira pakolala n'kunena kuti, "Atambala awiri salira m'khola limodzi, iwe." Amene anandimenya chibonga pakhutu sindimudziwa mpaka lero. Chimene ndikukumbukira n'chakuti ena ankaimba n'kumaomba m'manja, ndipo mmodzi mwa oimbawo anali msuweni wanga weniweni. Zimenezo zimandiwawa kuposa chibongacho.

Anandilanda kiyi uja, anandiponya m'kanyumba kosungira makasu, n'kumanga chitseko ndi waya. Analengeza kuti wondipatsa madzi alowa momwemo, ndipo palibe anayerekeza. Ndinkanyambita madzi odontha pamalata. Khutu linatupa n'kuyamba kutuluka mafinya, thupi likutentha, ndipo ndinaona kuti ndifera pakati pa makasu, anzanga akuseka panja. Pemphero langa silinali lokongola ayi. Ndinati, Ambuye, ndasunga lamulo, ndiye mphoto yake ndi imeneyi? Ngati mukundimva, tumizani munthu wamkulu aliyense, ngakhale wankhanza.

Ufa umene ankangoudya mosaganiza za mawa unatha. Ndiye anapita kumudzi wina wa tsidya lathu lomwelo n'kukaba nkhumba. Kupusa kwawo, anaiwawula ndi udzu pabwalo dzuwa likuswa mtengo. Aliyense wokulira kuno amadziwa kuti fungo la nkhumba yowawula silibisika, limatsata mphepo mpaka kumadimba. Mwini wake, mayi wamasiye Anangozo, analilondola ali ndi mpini m'manja, alamu awo awiri ali pambuyo.

Ndinangomva phokoso, asilikali a komandanti akubalalika ngati anapiye. Mayiwo ankatsegula chitseko chilichonse kufuna nyama yobisidwa, mpaka anamasula waya wa kanyumba kanga. Atandiona anati, "Mayo ine, uyunso si mwana wa munthu kodi?" Anataya mpini n'kundibereka kumsana, miyendo yanga ikukhwekhwereza pansi. Alamu awo anandiwolotsa pamalo ena osaya kumtunda kwa mtsinje mpaka kukandifikitsa kuchipatala. Kumeneko anandiuza kuti ndikanachedwa pang'ono, mafinya akanalowa m'mutu.

Madzi ataphwa, akuluakulu anakhala pansi kukamba mlandu. Mlandu wake unali wa nkhumba. Za ine anangoti zinali zachibwana, ana akakhala okha amatero. Msuweni wanga sanapepese, amakana kuti analipo. Armindo lero ali ndi magalimoto onyamula mbatata, ndipo tikakumana pamsika wa Domwe amandipatsa moni ndi manja awiri. Ndimayankha chifukwa ndine Mkhristu, koma ndinganame nditati mtima wanga unapola. Kukhululuka ndikuyesabe, tsiku lina kumatheka, tsiku lina kumandikanika.

Komabe ndikuthokoza Mulungu chifukwa ndili moyo. Sananditumizire mngelo wovala zoyera, ananditumizira mayi wokwiya amene sankandidziwa n'komwe, ndipo chitseko chinatseguka. Inu amene akukuponderezani, kaya pashikola, pantchito kapena m'nyumba mwanu momwe, musaleke kuitana Ambuye, ngakhale ndi mawu owawa ngati anga aja. Amamva, ndipo njira zake si zathu.

Nanenso ndikupempha mapemphero anu. Mwana wanga woyamba wakhoza mayeso, ndipo akuyenera kukagonera ku internato chaka chino. Mayi ake amusokera kale thumba la ufa, iye akusangalala, akuuza aliyense. Ine sindinapezebe mtima womulola kuti apite.