Mkazi Sakwera Phiri Yekha

Tsiku limene Clara ankakayamba ntchito yophika pa loji ina pamwamba pa phiri la Zomba, amalume ake a Tobias, munthu amene amayamba wanunkhiza madzi a m'nyumba mwake momwe asanamwe, anathamangitsa wa kabaza amene anabwera kudzamutenga ku Chikamveka, n'kulengeza kuti amuperekeza okha wapansi. Tsono dzuwa linawakwerera ali pa kanjira kachidule ka m'mapaini, a Tobias patsogolo ndi chibonga, Clara pambuyo ndi chikwama ndi ambulera.

"Amalume, tiyeni tifulumireko. Abwana anati wofika mochedwa asavutike n'kugogoda. Pali mtsikana wina wa ku Mtiya akuifunanso ntchito yomweyi."

"Ntchito ndi moyo, chachikulu n'chiyani?"

"Lero ndi ntchito."

"Usandiyankhe choncho iwe. Munthu wa njinga uja unamuona nkhope?"

"Ndi Marvin uja. Timaimba naye kwaya."

"Kwaya. Nanga m'chipewa chachikulu chija amabisamo chiyani?"

"Mutu."

"Mutu womwewo ndi umene ndikuukana ine. Sudziwa zimene zili m'kati mwake." A Tobias anamenya chitsamba ndi chibonga, chitsambacho osawalakwira kanthu. "Mkazi sakwera phiri yekha. Mwinimbumba ndine. Ukasowa, apolisi adzafunsa ine, osati wa kwaya wakoyo."

"Koma ndakhala ndikukwera kuno kudzathyola mabulosi kuyambira ndili mwana."

"Nthawi imeneyo dziko linali lisanaipe."

"Laipa liti?"

"Laipa basi."

"Chifukwa dzana ndinakwera ndekha kukafunsira ntchitoyi. Ndiye laipa dzulo?"

A Tobias anangopitiriza kuyenda. Ana a masiku ano ukawauza chinthu amafuna uwapatsenso tsiku ndi mwezi. Anakwera pang'ono, kenaka anaima pa mwala wina n'kutsamira chibonga, dzanja lina atakweza m'mwamba.

"Mwatopa, amalume?"

"Ndikumvetsera."

"Mukumva chiyani?"

"Khala chete. Iweyo sukumva kanthu?"

Clara anapendeketsa mutu, natchera khutu mwaulemu. "Ndikumva kupuma kwanu."

"Kupatula kumeneko."

"Ndi bondo lanu."

"Asa."

"Amalume, mwandiperekeza mokwanira, ndathokoza kwambiri. Ndikanati mubwerere pompano, koma sizitheka."

"Eya, wayamba kumva tsopano. Sizitheka chifukwa ukuopa."

"Ayi, chifukwa amayi anakaniza. Anati amalume ako akakakamira kukuperekeza, usakawasiye okha panjira ngakhale pang'ono, bipi yawo ija imawagwetsa osachenjeza."

A Tobias anatembenuka pang'onopang'ono. Mlongo wawo weniweni, wobadwa nawo bere limodzi, kuwapereka m'manja mwa mwana ngati mbuzi yopita kudibi.

"Ima kaye. Pano akulondera mnzake ndani?"

"Ine ndikulondera inu."

"Ine ndi amene ndikulondera iwe."

"Ndiye zili bwino, aliyense ali ndi mlonda. Tiyeni."

"Sitichoka pano mpaka uvomere kuti woperekezedwa ndiwe."

"Ndavomera."

"Wavomera msanga. Sukuvomera ndi mtima."

"Mtima uli ku loji, amalume."

A Tobias anagwedeza mutu. Mwanayu sankadziwa chimene dziko lili, ndipo pakamwa pokha sakanamva. Anafunika aone ndi maso.

"Tiyese," anatero. "Ine ndikhala chigawenga. Ndibisala kuseri kwa mtengo uwo, iwe uzibwera ngati sukudziwa kanthu. Ndione chimene ungachite."

"Nthawi, amalume."

"Chigawenga sichifunsa nthawi."

Anapita kukaima kuseri kwa paini. Clara anadikira pang'ono.

"Mimba ikuoneka."

"Uzibwera iwe."

Clara anayenda. A Tobias anatulukira, chibonga m'mwamba, maso atatuzula. "Ima pomwepo."

Clara anaima.

"Aaa, waimiranji?"

"Mwati ndiime."

"Chigawenga chikati ima, iwe umathawa."

"Ndikathawa ndikusiyani nokha. Amayi anakaniza."

"Panopa sindine amalume ako."

"Ndinu ndani?"

"Chigawenga."

"Chigawenga cha bipi?"

"Chigawenga chabwinobwino, chamoyo wathanzi. Tiyambirenso. Ndipo usandipatse ulemu."

"Ndichite zenizeni zimene ndimachita?"

"Zenizeni."

"Simukandinenera kunyumba?"

"Ndati zenizeni."

Anabisalanso. Clara anaika chikwama pansi bwinobwino kuti epuloni yake yosita isachite makwinya, natembenuza ambulera n'kuigwira kunsonga. A Tobias atangotulukira, asanatsegule n'pakamwa pomwe, ngowe ya ambulera inawakola kakolo. Anaona nsonga za mapaini zikuzungulira, kenaka anapezeka ali chagada m'masamba, nsapato imodzi ili payokha. Chibonga chinagubuduka kutsetsereka, chikugunda miyala, mpaka phokoso lake linazimirira kumunsi.

"Pepani, achigawenga," anatero Clara atagwada. "Mwapweteka?"

A Tobias anayang'ana kumwamba. "Zimenezi unaphunzira kuti?"

"Kudepoti."

"Kudepoti amaphunzitsa zimenezi?"

"Amaphunzitsa anyamata oitanira aja, akayamba kukukoka chitenje. Kutchire kuno sindinavutidwepo ndi munthu. Ovuta ali kumunsi, masanasana, anthu akuonerera n'kumaseka."

"Bwanji sunandiuze?"

"Mukanandiletsa kupita kumsika."

Zimenezo zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake a Tobias sanazikonde. Anayesa kudzuka, koma bondo linakana. Anakhalanso pansi.

"Sindinagwe chifukwa cha iwe. Masambawa ndi oterera. Anthu anadzala mitengo yachilendo m'phiri muno osafunsa aliyense."

"Eya, amalume."

Pomwepo m'tchire chakumtunda munamveka tswatswa, nthambi n'kuthyoka. A Tobias anakwawa msangamsanga mpaka anapezeka kumbuyo kwa Clara, atagwira mpendero wa siketi yake.

"Mukutani kumbuyoko?"

"Ndikutchinga kumbuyo. Amayambira kumbuyo anthu amenewa. Ukuona angati?"

"Atatu. Wina wabereka mwana."

"Mpaka ana akuwaphunzitsa umbava."

"Ndi anyani, amalume."

A Tobias anasuzumira. Nyani wamkulu anakhala pa chitsa, akuwayang'ana ngati amene akuwadziwa kwawo. Anadzikanda m'nthiti, natsogolera anzake kuwoloka kanjira osafulumira.

"Ndinadziwa," anatero a Tobias, akusiya siketi. "Ndimafuna ndione ngati uchite mantha."

Clara anayang'ana dzuwa, nayang'ananso bondo. Anatulutsa chitenje m'chikwama, nachikutumula, n'kuwerama patsogolo pawo.

"Kwerani."

"Ndikwere chiyani?"

"Kumsana. Ndikuberekani mpaka kumsewu wa pamwamba. Matumba a chimanga ndimanyamula."

"Ine, mwinimbumba, kulowa pa loji ya anthu ndili m'chitenje, miyendo ili lendelende? Anthu a ku Chikamveka akamva ndidzayankhulanso pa maliro a ndani?"

"Ndikufunditsani kumutu, sakudziwani."

"Ndati ayi."

"Ndiye ndiitane Marvin."

"Ameneyo ayi."

"Ngakhale mukanavomera, njinga singalowe kanjira kano." Clara anapinda chitenje chija, nachiyala pa mwala, n'kukhalapo. Anatulutsa chinangwa chophika m'chikwama, nanyema pakati. "Idyani."

"Ukukhaliranji pansi?"

"Simungakwere, simungatsike nokha, kubereka mwakana. Ndiye tikhala. Ntchito atenge wa ku Mtiya. Amathira mchere wambiri, koma alendo adzazolowera."

Ananena mosadandaula, akutafuna chinangwa, ndipo zimenezo ndi zimene zinawalasa a Tobias. Akanalira, akanamukalipira. Mwanayu anakhala pakhomo chimalizire sukulu, akuphikira maukwati a eni ake n'kumalipidwa zotsala m'mapoto. Ndipo madzulo ano mlongo wawo adzaima pakhomo manja ali m'chiuno, kufunsa kuti ntchito ija yathera pati.

"Pita," anatero.

"Kuti?"

"Kuntchito. Nyamuka."

"Ndekha? Mwati mkazi sakwera phiri yekha."

"Ndasintha."

"Dziko lakhalanso bwino?"

"Lakhala bwino."

"Liti?"

"Pompano. Ukufuna ndichite kukulembera?"

"Lanu mwasintha, koma la amayi likadalipo. Sindikusiyani nokha."

"Amayi ako ndi mlongo wanga wamng'ono. Mawu anga amaposa ake."

"Mukawauze nokha zimenezo. Ine ndimagona m'nyumba mwawo."

"Ndikukulamula."

"Monga amalume kapena monga chigawenga?"

 A Tobias anatola nsapato yawo ija n'kuyamba kuikutumula mwaukali, ngakhale munalibe kanthu.

Ali choncho, kumtunda kunatulukira mayi wina wachikulire, mtolo wa nkhuni wautali kuposa chitseko uli pamutu, nkhwangwa ili m'manja, akutsika ngati akuyenda pabwalo la nyumba yake. Clara anadzuka, nathamangira komweko. A Tobias anawaona akupatsana moni, Clara akuloza bondo, kenaka akuloza ambulera. Mtolo wa nkhuni unayamba kugwedezeka. Mayiyo ankaseka.

Clara anabwerera akumanga chikwama. "Zatheka. Ndi a Ummi, a ku Likangala. Akuti atsika nanu mpaka kumsewu. Mukhala simuli nokha, ndiye amayi sangandinene."

"Ukuwadziwa?"

"Ndawadziwa pompano."

"Ukundipereka kwa munthu wosamudziwa? Wa nkhwangwa?"

"Akuti mukhoza kutsamira mpini wake."

"Wawauza kuti ndagwa bwanji?"

"Zenizeni."

"Mwana iwe." A Tobias anatsitsa mawu. "Ali ndi ndani m'phiri muno?"

"Okha."

"Okhaokha? Mwamuna wawo amalola?"

"Akuti mwamuna wawo amaopa anyani."

A Tobias anaimirira ndi mwendo umodzi, nakonza kolala ya jekete, nachotsa masamba a paini m'tsitsi. Anatsokomola kuti mayi uja amve.

"Chabwino. Ukawauze kuti ndavomera kuwaperekeza. Si bwino munthu wamayi kutsika yekha ndi katundu wotere."

"Ndiwauza choncho."

"Ndipo iwe uthamange. Wa ku Mtiya uja akakupitirira, usabwere kunyumba kudzanena kuti ndi ine."

Clara anakoleka chikwama paphewa, nanyamula ambulera, nauyamba mtunda chothamanga, miyala ing'onoing'ono ikugubuduka m'mbuyo mwake. A Tobias anayang'ana kanjira kotsika, kakulowa m'mitengo yothithikana kumene anyani aja analowera. Anayang'ana m'manja mwawo mopanda chibonga.

"Clara."

Anaima patali, akupuma. "Amalume?"

"Uwauzenso mayiwa kuti tikamva chinthu m'tchire, asathawe n'kundisiya ndekha."