Zibangili Zobiriwiritsa Mikono

Amene anandilakwira ndi Nando, msuweni wanga, mwana wa amalume. Ndikumutchula dzina chifukwa kwathu kuno ku Canongola nkhaniyi palibe amene sakuidziwa. Anafika kuchokera ku Angónia alibe ntchito. Ndinamulandira m'chipinda changa, ndinamuphunzitsa kupinda waya wa mkuwa, kutunga mikanda ndi kupanga ndolo. Atadziwa, anakaika tebulo lake kumapeto kwa msika n'kumauza anthu kuti, "Ndi za Manuwele zomwezi, ine ndikungomugulitsira." Manuweleyo ndine.

Abale ndi alongo, mukundidziwa. Sukulu ndinaithawa ndili wamng'ono nditakankha mphunzitsi. Mtima wanga unali wapachala. Chimodzi chokha ndinkachichita modekha, ntchito ya manja angayi.

Mkuwa uli ndi khalidwe lake. Kuno ku Tete dzuwa silichita masewera, ndipo thukuta likakumana ndi mkuwa wosapaka, khungu limabiriwira. N'chifukwa chake ine chibangili chilichonse ndimachikwecha, ndimachipaka vernizi, mankhwala oyera aja opaka zikhadabo, ndimachiumitsa pamthunzi, kenako ndimapakanso. Zimadya nthawi. Nando ankadumpha zonsezo, n'kumagulitsa motchipa.

Nthawi imeneyo zinthu zinali zitathina. Ambiri amene ankandigula, azimayi a anthu ogwira ntchito ku malasha ku Moatize, amuna awo anali atachotsedwa ntchito. Munthu wosowa ndiwo sagula ndolo. Ochepa otsalawo anathamangira zotchipa za Nando. Posakhalitsa anayamba kufika patebulo langa mikono ili biriwiri.

Mayi wina anandiloza kumaso anthu akuona. "Iwe mnyamata, taona dzanja langali! Ndakhala bilimankhwe ine? Ndipita bwanji ku ukwati?" Anthu anaseka. Ine ndinaona mdima.

Ndinathamanga mpaka kwa Nando. Sindinafunse kanthu. Ndinagubuduza tebulo lake, mikanda inamwazika msika wonse, ndinamugwira pakhosi. Ndikanamuvulaza, abale, sindikubisa.

Amene anandigwira mkono ndi amayi Rosa, ogulitsa kabichi, omwe akhala kutsogoloku. Sanakalipe. Anati, "Mwanawe, ukamupha, mikono ya anthu iyera?" Kenako anagwada pafumbi n'kuyamba kutola mikanda umodziumodzi. Mayi wamkulu, mawondo owawa, kutola zimene ndamwaza ine. Manyazi anandigwira kuposa mkwiyo. Ndinagwada nawo.

Lamlungu amayi Rosa ananditenga n'kubwera nane m'tchalitchi muno. Mawu a tsikulo sindingawabwereze onse, koma ndinamva kuti Yesu anasenza zolakwa zimene sanachite. Ndinalira ngati mwana. Ndinamupatsa mtima wanga, ndi manja omwe ankakonda kumenyawa.

M'mawa mwake ndinauza anthu pamsika kuti aliyense amene chibangili chamubiriwiritsa abwere nacho, kaya ndi cha Nando kaya cha ndani, ndimukonzera ulere. Anzanga anati ndapenga. "Manuwele, mpingo wakudyera nzeru? Iwe njala, n'kumakonzanso za mdani?"

Koma taonani ntchito ya Mulungu. Mayi akabwera ndi chibangili, ankakhala pansi n'kumaona ndikukwecha ndi kupaka. Ankaona yekha kusiyana kwake. Ndiye ankafunsa, "Nanga ndili ndi mkanda wakale unaduka, mungalumikize?" Wina ndolo imodzi inatayika, akufuna inzake. Wina mikanda ya malemu amayi ake ikufuna ulusi watsopano. Pamenepo ndinatseguka maso. Anthu analibe zogulira zatsopano, koma zokonzetsera zakale anali nazo. Lero kukonza ndiko kukundidyetsa. Zipangizo sizilowa zambiri, phindu limatsala. Zatsopano ndimapanga zing'onozing'ono, zazikulu pokhapokha munthu ataitanitsa. Mtengo sindinatsitse, vernizi sindinasiye. Azimayi a m'madera a Chimadzi ndi Chingodzi amatumizana okha kwa ine.

Alemekezeke Yesu amene anazizitsa moto wanga. Mnyamata mnzanga, ngati nawenso magazi amakuwira msanga, usadikire mpaka uvulaze munthu. Bwera kwa Iye lero, malo alipo.

Chimodzi chinatsala. Nando ankandizemba, ndipo dzina langa ankalitchulabe kwa alendo osadziwa. Sabata yatha ndinapita kwa iye. Atandiona anaimirira n'kugwira tebulo lake ndi manja awiri. Ine manja ndinawaika kumbuyo. Ndinamuyang'ana m'maso n'kunena kuti:

"Msuweni, khala pansi, sindinabwere kudzamenya. Pakhosi paja ndinakulakwira, undikhululukire. Zako ndinakhululuka kale. Koma dzina langa usaligulitsenso. Uli nalo lako, ndipo manja ako ndi abwino, ndinawaphunzitsa ndine. Ntchito yandichulukira. Mawa ubwere, tidzagwire tonse."