Katemera wa M'thumba la Jekete

Muwerenge kalatayi osanditchula dzina. Ndimakhala ku Kanyama. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi atamveka kwathu kumudzi, ndinagula katemera wa ng'ombe kwa munthu wina pamsika. Anati, "Bamdala, masiku ano vonse ni vogulitsa." Sanandiuze kuti lamulo limalola madokotala a boma okha kubaya katemerayu. Botolo ndinayenda nalo m'thumba la jekete padzuwa, osadziwa kuti kutentha kumawononga katemera, n'kukabaya ndekha ng'ombe za atate kumudzi.

A boma atabwera kudzabaya katemera, atate sanapititse ng'ombe zawo, poti mwana wawo wa m'tauni anali atabaya kale. Zinadwala, ndipo mudzi wonse unaletsedwa kugulitsa ngakhale mbuzi. Atate anauza anthu kuti kulakwa n'kwawo.

Wogulitsa uja mpaka lero amandipatsa moni pamsika. Atate ndiwo anasiya.