Larbi Akufuna Ndende

Larbi, woyendetsa takisi ku Meknes, atagunda ngolo ya malalanje ali chiledzerere, woweruza anamuuza kuti asankhe yekha: ndende, kapena chipatala chothandiza anthu kusiya mowa. Mwana wake Ghizlane anali pafupi kukwatiwa ndi mwana wa Haji Mfadal, bambo wolemekezeka pa zachipembedzo, choncho Larbi anaitanira mlamu wake Mbarek komwera tiyi kuti nkhani aikonze.

"Alamu, mawa ndikasankha ndende."

"Ndende? Komatu kuchipatala n'kongopita Lachiwiri lokha, n'kumagona kwanu."

"Wopita kundende wachita ngozi, ndipo ngozi ndi ya Mulungu. Wopita kuchipatalako ndi chidakwa. Haji angalole mwana wake kukwatira mwana wa chidakwa?"

"Koma inu ndinu chidakwa."

"Tsitsani mawu, inu! Palibe akudziwa."

Mbarek anathira tiyi mosafulumira, mpaka thovu linakwera bwinobwino.

"Wamalalanje uja akudziwa."

"Ameneyo ndi wakumudzi."

"Wometa akudziwanso. Akuti mukapuma, iye misozi imatuluka."

"Zisiyeni zimenezo! Dzulo ndinakutumani kwa Haji. Munanena zimene ndinakuuzani?"

"Eya. Ndinati, 'Larbi wati ndikuuzeni kuti mabuleki anaduka.'"

"Basi?"

"Iwo anafunsa ngati anadukadi. Ndinati ayi."

Larbi anagwira kumutu ndi manja onse awiri.

"Aaa, alamu! Osangoti eya bwanji?"

"Munandituma kukanena. Zoyankha simunandipatse."

"Ndiye ukwati watha! Ghizlane wanga ine!"

Apa mtima unamuwawadi Larbi, pakuti mwanayu ankamukonda kuposa botolo, ngakhale kuti botololo ndi limene ankacheza nalo kwambiri.

"Ukwati ulipo," anatero Mbarek. "Koma ati mukapita kundende, utha. Safuna chibale ndi mkaidi."

"Nanga ndi chidakwa?"

"Ati Lachiwiri muwadikire pakhomo, mupitire limodzi."

"Haji wathunthu akandiperekeze kwa zidakwa? Manyazi ake! Bola ndende!"

"Sakukuperekezani ayi. Nawonso amapita komweko, anayamba kalekale. Mpando wawo ndi wapazenera."

Larbi anakonza kolala, nkhope n'kuyamba kuwala.

"Haji? Ha! Ndiye tili pachibale kale! Mukawauze kuti ndidzawatenga pa takisi yanga, ulere."

"Zimenezo anaziganizira kale," anatero Mbarek akupsontha tiyi. "Ati iwo anasiya mowa kuti akhale ndi moyo wautali. Mudzapita wapansi."