Pemphero la Mwana wa Pachithunzi

Marijke, mayi wa ana atatu, ankaifuna ntchito yoonetsa alendo m'nyumba ya zithunzi zakale ku Haarlem, chifukwa inkatha ana asanaweruke. Bambo Terpstra, amene ankamuyesa, anamuimika patsogolo pa chithunzi cha kamtsikana kogwada, katagoneka mutu pamiyendo ya amake.

"Tiuzeni, mayi, mukuonapo chiyani?"

"Nsabwe."

"Pepani?"

"Akumusaka nsabwe, bambo."

Bambo Terpstra anakonza magalasi. "Zaka makumi awiri ndakhala ndikuuza alendo kuti mwanayu akupemphera. Taonani kudzichepetsako!"

"Wapanidwa ndi mawondo. Atukule mutu aone."

"Nanga manja a mayiwo pamutu? Si mdalitso umenewo?"

"Mdalitso wa kuseri kwa khutu? Taonani zala zazikuluzo, zikhadabo zagundana. Yaphedwa kale imodzi."

Marijke anadziluma lilime. Usiku wonse analoweza mawu akuti "kuwala" ndi "bata", koma pakamwa pake pankangotuluka nsabwe. Zaka zisanu zofufuza nsabwe m'mitu ya ana kusukulu tchuthi chikatha, maphunziro ake onse anali amenewo.

"Chabwino, kambani za kuwala," anatero bamboyo mouma. "Kuwala kolowa pazenerako kukutanthauza chiyani?"

"Kuti mazira aoneke. Mumdima simungawapeze."

"Mayi inu! Ndikunena za mzimu!"

"Mzimu suyabwa, bambo."

"Tayang'anani nkhope ya mwanayo! Mtendere wotere umachokera kumwamba. Ine ndikudziwa. Mwana wanga Lieke, wa zaka zisanu ndi chimodzi, masiku ano amabwera yekha, n'kugoneka mutu pachifuwa panga, n'kumaupukusa pang'onopang'ono."

"Wayamba liti?"

"Sabata ziwiri zapitazo."

"Atangotsegulira sukulu?"

"Eya, koma..."

"Amapukusa kwambiri chakunkhongo?"

Marijke anatola chikwama chake. Ntchito yapita, anaganiza, ndipo waipha yekha ndi zikhadabo zake zomwe.

"Ine ndimati ndi chikondi," anatero Bambo Terpstra motsitsa mawu.

"Chikondi chilipo. Koma akukandira pa ndevu zanuzo."

Dzanja la bamboyo linakwera lokha kupita kundevu. Anayang'ana kukhomo, kenako anakoka mpando n'kuuika pafupi ndi zenera, pamene panali powala, n'kukhalapo.

"Ntchito mwaipeza, mayi," anatero akuweramitsa mutu. "Alendo muziwauza kuti ndi pemphero. Koma yambani mwandidalitsa ine."