Mbande Zathu Zinakulira ku Mzikiti

Moni kwa inu nonse amene mukuwerenga, makamaka aphunzitsi anzanga amene kalasi yanu ndi mtengo. Ndimaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina ya boma kufupi ndi Lungwena. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo ndine Mkhristu. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ndinatsala pang'ono kutaya choko n'kubwerera kwathu kukalima mbatata. Mulungu anandigwira dzanja, koma sindikubisirani, mkwiyo wina ndikadali nawo mpaka lero.

Kalasi yanga inali pansi pa msangu. Amene mumaudziwa mtengo umenewu mwayamba kale kuseka. Msangu umakhala ndi masamba m'chilimwe, koma mvula ikangoyamba umayoyola onse n'kutsala mbulanda. Nthawi imene tinkafuna pobisala ndi imene mtengo wathu unkatitaya. Mtambo ukangoda, ana ankanyamula makope n'kuliyatsa liwiro. Ena ankabwerako mawa lake, koma ena akangolawa za kunyanja, zokoka makoka ndi kuyanika usipa, sindinkawaonanso mpaka mvula itatha. Chaka ndi chaka ndinkataya ana motere, ndipo zinkandiwawa.

Tsiku lina ahedi anabwera kuchokera ku msonkhano nkhope ikuwala. Anati boma layambitsa thandizo loti ana aziphunzirira panja, aziona mitengo ndi dothi ndi maso awo m'malo mongozimva m'buku. Ndinaseka mpaka misozi. Ine amene ndakhala panja zaka zonsezi, fumbi lili m'mano, lero akudzandiuza ubwino wa panja? Ahedi anati ndisathamange ndi kamwa, ndimve kaye. Poyamba sukulu ilandira mbande za m'machubu kuti ana azizisamalira n'kumaphunzirirapo. Alangizi a ku boma akadzazipeza zili moyo, adzatimangira chisakasa cha malata, chopanda makoma, chophunziriramo panja pomwepo. Nditamva za malata ndinasiya kuseka, ndipo ntchito ya mbandeyo ndinachita kuipempha ndekha.

Anatilonjeza kuti mbande zifika mvula ikuyamba. Mvula inayamba, msangu unayoyola, ana anathawa, mvula inatha. Chimanga chitalowa m'nkhokwe, mwera utayamba kuwomba, m'pamene galimoto inabwera kudzatula mbande za mbawa, nimu ndi mango. Ndinafunsa dalaivala ngati ku ofesi kwawoko mvula ikugwabe. Iye anangoti wachita kutumidwa. Kudzala m'dothi louma sikukanatheka. Tinayenera kuzisunga m'machubu momwemo chilimwe chonse, ndipo alangizi anati adzabwera dzuwa likafika poswa mtengo.

Vuto loyamba linali madzi. Mjigo wa pa sukulu ndi wa mudzi wonse, ndipo m'chilimwe umatulutsa monyinyirika. Amayi a pa mzere ankandifunsa ngati si manyazi kuthirira mitengo iwo akusowa ophikira. Ndipo sankanama. Tinkangopeza tochepa, mbande n'kumafota masana alionse.

Vuto lachiwiri linali la miyendo inayi. Kuno anthu akakolola amamasula mbuzi kuti zizidziyendera, ndipo amene anatitumizira mbande mwezi umenewo ayenera kuti sanaonepo mbuzi ya njala. Tinamanga mpanda wa mapesi. Lolemba lina ndinafika n'kupeza mbuzi zadya mpanda womwewo, kenako zalowa m'kati. Mbande zambiri zinatsala timitengo chabe, machubu ali mbwee. Ahedi anayang'ana, anapukusa mutu, anati mwina tingoiwala za chisakasa.

Ana ataweruka ndinakhala pa muzu wa msangu uja n'kupemphera. Silinali pemphero lokongola ayi. Ndinauza Ambuye kuti ndatopa, kuti ngati sakufuna kuti ana amenewa akhale ndi denga andiuze ndisiye kudzivutitsa. Ndinawakumbutsa kuti sindinapemphe galimoto kapena nyumba ya m'tauni, ndangopempha malata. Ndisananene ameni, ndinamva kutafuna kumbuyo kwanga. Tonde wamkulu, wa kansalu kofiira m'khosi, anali akumaliza mango amene anzake anasiya.

Tonde ameneyo ndinkamudziwa. Anali wa Che Saidi, bambo wachikulire amene amaitanira anthu ku swala, mapemphero a Asilamu, pa mzikiti wa kuseri kwa sukulu. Ndinamugwira mwendo, ndinamumanga ndi chitenje changa, ndinamukoka njira yonse iye akulira ine ndikulalata. Anthu anasiya zochita zawo n'kumaonerera mphunzitsi akulimbana ndi mbuzi.

Che Saidi ndinawapeza akusesa pa chipata. Anandisiya ndilankhule zonse mpaka mpweya unandithera.

"Amadamu, mbuziyi ndi yanga ndithu," anatero. "Koma mlandu palibe. Miyezi ino ziweto zimayenda, ndipo amene wadzala kanthu ndiye amatchinga. Mukapite kulikonse, akakuuzani zomwezi."

Ndinkadziwa kuti akunena zoona, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Ndinayamba kulira pamaso pa anthu, mayi wamkulu ngati ine. Ndinawauza za msangu, za malata, za ana amene nyanja imanditengera chaka chilichonse. Iwo anamasula tonde wawo, anapinda chitenje changa bwinobwino n'kundipatsa, kenako anati ndiwatsatire.

Ndinali ndisanalowepo mu mpanda wa mzikiti. Kuseri kwake kuli mjigo wawo ndi pamalo pa simenti pamene anthu amatawazira, kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi asanaswali. Madziwo amatsika ndi kangalande kukathera pa kona ya mpanda. Pamenepo, pakati pa chilimwe, panali udzu wobiriwira ndi dothi la chinyontho.

"Madzi awa timataya kasanu pa tsiku, ndipo alibe sopo," anatero Che Saidi. "Mpandawu ndi wa njerwa, chipata ndimatseka ndine. Bweretsani zimene mbuzi yanga yakusiyirani. Mdzukulu wanganso ali m'kalasi mwanumo, ndipo mvula ikagwa ndimamuona akuthawa."

Abale anga, ndinapempha Mulungu yankho, koma sindinaganize kuti alitumiza likutafuna mango anga.

Mawa lake tinasamutsa mbande zonse, ngakhale zoduka mitu zomwe. Che Saidi anakumba kadzenje kumapeto kwa ngalande kuti madzi azidikha, ife n'kumatunga ndi zitini. Si onse amene anakondwa nazo. Ena a ku mpingo kwathu anayamba kundifunsa ngati ndasintha chipembedzo. Ndinamvanso kuti ku mzikitiko ena ankadandaula ndi phokoso la ana. Ndinkangopita ndi kalasi yanga m'mawa, nthawi imene kulibe swala, ndipo kumeneko ana anaphunzira kuyeza msinkhu wa mbande ndi timitengo, kuwerenga masamba, ndi kulemba mayina a mitengo pa dothi. Zambiri mwa zodyedwa zija zinaphukiranso.

Alangizi sananene tsiku lobwera. Anangotulukira Lachisanu lina masana, dzuwa likuotcha ngati moto. Anali mayi wa nsapato zazitali, wooneka kuti watopa ndi kuona machubu ouma m'sukulu zina. Ahedi ndi ine tinapita nawo ku mzikiti, ndipo tinadikira panja mpaka swala ya Ijumaa itatha. Alangiziwo ataona mbande zathu zili biriwiri, anapumira m'mwamba.

"Aphunzitsi, mwagwira ntchito. Koma lamulo likuti mbande zipezeke pa malo a sukulu. Pano si pa sukulu."

Mbande anatumiza mochedwa ndi iwo, madzi sanatipatse, waya wotchingira sanatipatse, lero akundiwerengera lamulo? Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene mawu amene akanandichotsetsa ntchito. Ahedi anandigwira mkono.

Che Saidi anali ataima pafupi, ndipo anamva zonse. Anatembenukira azibambo amene ankatuluka mu mzikiti, akuvala nsapato zawo pa khomo, n'kuwalankhula m'Chiyao. Sindinamve zonse. Ndinangoona bambo woyamba akuwerama n'kunyamula machubu awiri, wina n'kutsatira, winanso. Asodzi, a mashopu, a kabaza, onse m'mikanjo yawo yoyera ya Lachisanu, anandanda mu kanjira kopita ku sukulu, matope akudonthera pa zovala. Anakatula mbande zonse pansi pa msangu, pafupi ndi bolodi yanga.

"Amayi," anatero Che Saidi mwaulemu, "nanga pano ndi pa sukulu?"

Alangizi anayesa kudzigwira koma anaphulika kuseka. Anati pano ndi pa sukulu ndithu, ndipo mbande aziona ndi maso awo. Galimoto yawo itangokhota pa msewu, azibambo aja anaweramanso n'kubweza mbande zonse ku mzikiti, chifukwa tonde uja anali atafika kale kudzaonerera.

Musaganize kuti zonse zinayenda myaa kuchokera pamenepo. Chisakasa nachonso chinachedwa. Mvula yoyamba inatipeza pansi pa msangu womwewo, tinadzala mitengo yathu ndithu, koma ana ena anathawira kunyanja monga kale, ndipo ena mwa iwo sanabwerere mpaka pano. Zimenezi ndikaziganiza mtima umandipsabe. Thandizo la boma ndi labwino, koma likafika nyengo yake itapita limasanduka katundu pa mutu wa mphunzitsi. Ngati wina wa ku maofesi akuwerenga, chonde muzifunsa mwezi umene mbuzi zimamasulidwa.

Komabe malata anabwera dzinja lili pakati, ndipo pa chimenechi ndikuthokoza Mulungu ndi mtima wanga wonse. Ndikuthokozanso Che Saidi ndi azibambo onse amene anadetsa mikanjo yawo chifukwa cha ana a mudzi uno. Inu amene mwatopa, amene mwapemphera mpaka pemphero lasanduka kudandaula, musataye choko. Pempheranibe ngakhale muli okwiya, Mulungu amamva. Ndipo musamusankhire khomo lotulukira thandizo, chifukwa langa linatulukira pa chipata chimene ndinkangochidutsa zaka zonsezi.

Tsiku loyamba kuphunzirira m'chisakasa, mtambo unada cha kunyanja tili pakati pa masamu. Ndinaona timanja tikuyamba kusonkhanitsa makope mwa chizolowezi, mdzukulu wa Che Saidi ataimirira kale. Mvula inakhuthuka pa malata ndi phokoso loti ngakhale ndikanakuwa bwanji palibe akanandimva. Ana anayang'ana kumwamba, anayang'ana makope awo ouma, ndipo mmodzimmodzi anakhalanso pansi. Sindinaphunzitse kanthu mpaka mvula inakata. Ndinangoima ndi choko m'manja, misozi ikutsika, ndikuyang'ana ana onse amene anabwera tsikulo ali pomwepo.